Kukaona Gondar, mzinda wa mafumu a ku Ethiopia: yendani potsata mibadwo yawo

Anthu ambiri amene amafika ku Gondar amangodutsa. Amatsika ndege m'mawa, amajambulitsa chithunzi chimodzi patsogolo pa nyumba yamiyala ya Mfumu Fasilides, ndipo pofika masana amakhala ali kale m'galimoto kulowera ku mapiri a Simien. Ine zimandiwawa ndikamaona zimenezi. Mzinda umenewu unakhala likulu la Ethiopia kwa zaka zoposa 200, ndiye munthu sangaumvetse pa maola awiri. Langizo langa lalikulu ndi ili: upatseni masiku awiri athunthu, ndipo malo ake muwaone motsata mafumu amene anawamanga, kuyambira atate, kubwera mwana, kudzafika mdzukulu. Mukatero simuonanso mabwinja chabe. Mumayamba kuona banja limodzi, mmene linakwerera ndi mmene linadzagwera.

Musanagule tikiti

Yambani ndi nkhani ya chitetezo, musailumphe. Gondar ali m'chigawo cha Amhara, kumpoto kwa nyanja ya Tana, ndipo kuyambira chaka cha 2023 m'chigawochi mwakhala mukuchitika nkhondo pakati pa asilikali a boma ndi gulu la zida lotchedwa Fano. Nthawi zina kuwomberana kunafika mumzinda momwemo. Choncho funsani kaye ku ofesi ya kazembe, funsaninso eni malo amene mukufuna kukagona, muwauze kuti akuuzeni zoona za mmene zinthu zilili sabata imeneyo. Safunsa anadya phula. Akakuuzani kuti kuli bata, pitani pa ndege. Kuchokera ku Addis Ababa ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi, pamene pamsewu ndi makilomita oposa 700. Bwalo la ndege, lomwe linapatsidwa dzina la Mfumu Tewodros, lili kummwera kwa mzinda, dera la Azezo, ndipo ndi bwino kupangana ndi kumene mukukagona kuti adzakutengeni.

Viza ya Ethiopia imapemphedwa pa intaneti, ndipo muipemphe nthawi ikadalipo. Ndalama ya kumeneko ndi birr. Musinthiretu yokwanira ndipo mukhale ndi yaing'onoing'ono yambiri, chifukwa polowa m'matchalitchi, pokwera bajaj ndi pothokoza munthu amene wakusungirani nsapato, khadi la kubanki silikuthandizani. Bajaj ndi tigalimoto ta matayala atatu timene tadzaza m'misewu ya mzindawu. Mtengo muzigwirizana musanakwere.

Mvula yamphamvu imagwa kuyambira Juni mpaka Sepitembala. Nthawi yabwino yoyenda ndi kuyambira Okutobala, pamene dziko lidakali lobiriwira, mpaka cha mu Malichi. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 2,000, ndiye masana dzuwa limaswa mtengo koma usiku ndi m'mamawa kumazizira. Tengani chipewa, juzi ndi nsapato zosavuta kuvula. Amayi atenge nsalu yopepuka yofunda kumutu. Tsiku loyamba musadabwe mukamapuma mwawefuwefu pokwera chitunda chaching'ono, ndi kukwera kwa malo kumeneko. Imwani madzi ambiri ndipo muziyenda pang'onopang'ono.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza alendo ambiri, ndipo nane chinandipeza. Anthu a ku Ethiopia amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Imene wotchi yanu ikuti 7 koloko m'mawa, iwo amati 1 koloko. Masana enieni kwa iwo ndi 6 koloko. Ndinapangana ndi woyendetsa bajaj wina kuti adzanditenge 2 koloko, ine ndikuganiza za masana. Bambo uja anafika 8 koloko m'mawa, pa nthawi yake yeniyeni, nandidikira panja kwa nthawi yaitali ine osadziwa. Nditatuluka ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa anali atakana anthu ena okwera pofuna kusunga pangano. Ndiye mukamapangana ndi munthu, funsani kuti akunena nthawi ya ku Ethiopia kapena ya pa wotchi yanu, ndipo muwonjezere mawu akuti m'mawa kapena madzulo. Kalendala yawonso ndi yawoyawo: ili ndi miyezi 13, khumi ndi iwiri ya masiku 30 ndi kamwezi kotsiriza ka masiku 5 kapena 6, ndipo zaka zake zili m'mbuyo ndi 7 kapena 8. Deti la pa lisiti likakudabwitsani, si kuti alakwitsa.

Tsiku loyamba m'mawa: kulowa mumpanda wa mafumu

Lawirirani ku Fasil Ghebbi, mpanda wa nyumba zachifumu umene uli pakati penipeni pa mzinda. Mukafika chipata chikangotsegulidwa mupeza kukadali kozizira, mbalame zili phokoso m'mitengo, magulu a alendo asanadzaze. Khoma lozungulira malowa ndi lotalika pafupifupi mamita 900 ndipo lili ndi zipata 12. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1979. Tikiti imene mugule muisunge bwino, chifukwa muifunanso masana ku dziwe la Fasilides. Pachipata pomwepo tengani woperekeza alendo wovomerezeka. Zikwangwani zofotokoza n'zochepa, ndipo popanda munthu wokuuzani, nyumba zonse zimangooneka ngati zofanana. Mumuuze kuti mukufuna kuyenda motsata mafumu, kuyambira wakale kwambiri.

Musanayandikire nyumba yoyamba, imani kaye muganizire izi. Fasilides asanalowe ufumu mu 1632, mafumu a Ethiopia kwa nthawi yaitali ankakhala m'mahema, kusamukasamuka ndi asilikali awo, ansembe, antchito ndi ziweto. Akatha nkhuni ndi chakudya cha dera lina, ankanyamuka. Atate ake a Fasilides, Mfumu Susenyos, analowa Chikatolika mu 1622 atakopeka ndi ansembe a Chijezuiti, ndipo dziko linagawikana, magazi ambiri anakhetsedwa. Fasilides atatenga mpando anabwezeretsa tchalitchi cha makolo cha Orthodox, anathamangitsa Ajezuiti, ndipo cha mu 1636 anakhazikika ku Gondar. Kumanga nyumba yamiyala kunali kuuza anthu ake kuti kuyendayenda kwatha, mpando wachifumu wapeza pokhala.

Nyumba yake ndi imene mumaiona pa zithunzi zonse: yaitali mamita pafupifupi 32, ya miyala yoderako yomangidwa ndi laimu, yokhala ndi nsanja zinayi zozungulira m'makona, iliyonse ndi kadenga kake kobulungira ngati chipanda chovundikira. Anthu ena akaiona amafulumira kunena kuti ndi ya Azungu. Musavomere msanga. Muli luso la Apwitikizi, la Amwenye ndi la Aluya, inde, pakuti Gondar anali pa njira za malonda zopita ku Sudan ndi ku Nyanja Yofiira, koma amene anaifuna, kuilamula ndi kukhalamo anali mfumu ya Ethiopia, ndipo kamangidwe kameneka kanadzakhala ka Gondar mwini, kamene mafumu otsatira anapitiriza. Kwerani masitepe akunja mulowe m'zipinda zikuluzikulu zam'mwamba. Gwirani khoma muone kukhuthala kwake. Yang'anani timapanga ta m'makoma, mitanda ya matabwa ya kudenga, ndi khonde limene amati mfumu inkaimapo polankhula kwa anthu.

Mukatuluka mmenemo ndi pamene pali chinthu chimene chinandigwira mtima kwambiri. Mwana wa Fasilides sanagwetse nyumba ya atate ake kuti amange yake pamalopo. Anamanga pambali. Mdzukulu nayenso anamanga pambali. Motero mpanda wonsewu uli ngati mudzi wa banja limodzi umene ukukula m'badwo ndi m'badwo, ndipo nyumba iliyonse ikuonetsa mtima wa mwini wake.

Yohannes Woyamba, amene analamulira kuyambira 1667 mpaka 1682, ankadziwika ndi kupembedza ndi kukonda mabuku, ndipo anasiya nyumba yosungira mabuku ndi nyumba ya alembi a boma. Ndi zing'onozing'ono poyerekeza ndi ya atate ake, moti mutha kuzipitirira. Musatero, chifukwa zikukuuzani kuti Gondar sanali malo a asilikali okha. Unali mzinda wa alembi olemba pa zikopa, akatswiri ojambula, ndi ophunzira nyimbo ndi ndakatulo za tchalitchi.

Kenako pitani ku nyumba ya mwana wake, Iyasu Woyamba, amene amamutcha Wamkulu, wolamulira kuyambira 1682 mpaka 1706. Pano khalani nthawi. Mbiri imati mkati mwake munali mokongoletsedwa ndi minyanga ya njovu, magalasi ndi golide, moti alendo ochokera kutali ankasowa chonena. Lero denga kulibe. Mumaima pakati pa chipinda chachikulu, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuona thambo ndi mbalame zikudutsa. Chivomezi cha mu 1704 chinaiwononga, ndipo mabomba a ndege za Britain pa nkhondo yothamangitsa Ataliyana mu 1941 anawonjezera chilonda. Iyasu mwiniwake mathero ake anali owawa: anachotsedwa pampando ndi mwana wake yemwe ndipo anaphedwa pa chilumba cha m'nyanja ya Tana. Kuchokera pamenepa nkhani ya banjali imayamba kuda.

Zotsatirazo mutha kuziyenda mofulumirako. Pali holo ya Dawit Wachitatu, wolamulira kuyambira 1716 mpaka 1721, imene imatchedwa nyumba ya nyimbo, kumene kunkachitikira madyerero ndi miyambo. Pafupi pake pali makola a mikango, ndipo mikango inasungidwamo mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1900. Ndiye pali holo yaitali ya madyerero ya Bakaffa, wolamulira kuyambira 1721 mpaka 1730, yoyang'anizana ndi makola a akavalo. Nyumba yomaliza ndi ya mkazi wake, Mfumukazi Mentewab, yokongoletsedwa ndi miyala yofiirira m'mphepete mwa mazenera. Dzina la mayi ameneyu mulisunge, mukumana nalonso mawa.

Chonde musakwere pa makoma ogumuka pofuna chithunzi chabwino, ndipo musalembe dzina lanu pamwala. Laimu wa zaka pafupifupi 400 sachedwa kuyoyoka.

Nkhomaliro, kenako ku dziwe

Pofika masana mudzakhala mutatopa. Lowani m'nyumba yodyera muitanitse injera, chakudya chopyapyala chowawasira chopangidwa ndi ufa wa kambewu kakang'ono kotchedwa teff, chimene amachiyala m'mbale yaikulu n'kuika ndiwo pamwamba. Lachitatu ndi Lachisanu Akhristu a Orthodox amasala nyama, mkaka ndi mazira, ndiye masiku amenewo itanitsani beyaynetu, injera yokhala ndi timilu ta mphodza, nyemba zosinja zotchedwa shiro ndi masamba osiyanasiyana. Kwa ine chimenechi ndiye chakudya chokoma kuposa zonse kumeneko. Sambani m'manja, idyani ndi dzanja lamanja. Wina akakupatirani chakudya n'kukuikani m'kamwa, musakane. Amati gursha, ndipo ndi ulemu waukulu. Mawu othokoza ndi ameseginalehu. Ndi aatali, koma yesetsani kuwaphunzira, nkhope za anthu zimawala mlendo akawatchula.

Dzuwa likapendeka kwerani bajaj kupita ku dziwe la Fasilides, makilomita awiri kuchokera pakati pa mzinda, kufupi ndi mtsinje wa Qaha. Ndi dziwe lalikulu lamakona anayi lomangidwa ndi miyala, ndipo mkati mwake mwaima nyumba yosanja yokhala pa zipilala, yolumikizidwa kumtunda ndi kamlatho. Pafupifupi chaka chonse dziweli limakhala louma, ndipo mutha kutsikira pansi pake n'kuyendamo.

Chimene muyenera kuona pano ndi mitengo. Pa khoma lozungulira pamera mitengo ikuluikulu ya mtundu wa kachere, ndipo mizu yake yatsika pakhomapo ngati phala lotayikira m'mbali mwa mphika, yalowa m'ming'alu, yakumbatira miyala, mwina n'kuimeza ndithu. Pena simungathe kusiyanitsa kuti mwala wathera pati, muzu wayambira pati. Ndinakhala pa muzu umodzi wotero kwa nthawi yaitali, mthunzi uli gwa, kulibe phokoso lina koma la mbalame ndi la mnyamata wina amene ankawerenga buku lake la kusukulu motsitsa mawu. Malo ano ndi opumulirapo, musawathamangire.

Kamodzi pachaka bata limeneli limatha. Pa 19 Januwale, kapena pa 20 m'chaka chimene kalendala yawo yawonjezera tsiku, kumakhala Timkat, chikondwerero chokumbukira ubatizo wa Yesu mu Yorodano, chimene UNESCO inachilemba pa mndandanda wa miyambo ya dziko lonse mu 2019. Madzi amapatutsidwa kumtsinje kudzaza dziwe lija. Madzulo a tsiku lotsogolera, lotchedwa Ketera, ansembe amatulutsa tabot m'matchalitchi awo. Tabot ndi gome lopatulika loimira magome a m'Likasa la Chipangano, ndipo tchalitchi chilichonse cha Orthodox ku Ethiopia chili ndi yake. Wansembe amaisenza pamutu itakulungidwa mu nsalu zonyezimira kuti diso la munthu wamba lisaione, pamwamba pake pali maambulera amitundumitundu, ng'oma zikulira, amayi akululutira, khamu lonse litavala zoyera. Anthu amachezera kupemphera m'mphepete mwa dziwe usiku wonse. M'bandakucha madzi amadalitsidwa ndi kuwazidwa pa anthu, ndipo anyamata amadziponya m'dziwemo.

Ngati mukufuna kukaona Timkat, malo ogona musungitse miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo yembekezerani kulipira mokwera. Fikani padziwe kusanache, mutavala zofunda, makamaka zoyera. Samalani foni ndi chikwama m'chikhamu. Chinanso ndikuchenjezeni mwamphamvu: mu Januwale 2020 nsanja yamitengo yokhalapo oonerera inagwa pamalo pano ndipo anthu anafa. Mukaona nsanja yadzaza mopitirira, khalani pansi. Ndipo kumbukirani kuti anthu amene akuzungulirani abwera kudzapemphera. Musaime kutsogolo kwa wansembe wosenza tabot ndi kamera yanu.

Tsiku lachiwiri m'mawa: denga la angelo

Mwambo umati ku Gondar kunali matchalitchi 44. Ngati mungaone chimodzi chokha, chikhale Debre Berhan Selassie, dzina lotanthauza Phiri la Kuwala kwa Utatu. Chili pa chitunda kumpoto chakum'mawa kwa mpanda wa mafumu, ulendo wa mphindi 20 kapena 30 wapansi ngati miyendo ikulola. Anachiyambitsa ndi Iyasu Wamkulu uja chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, ngakhale nyumba imene ilipo lero inamangidwanso pambuyo pake.

Musanalowe, zungulirani kunja. Khoma lake lili ndi nsanja 12 zoimira atumwi, ndipo chipata chachikulu ndicho chachikhumi ndi chitatu, choimira Khristu. Pamwamba pa denga pali mtanda wokhala ndi mazira a nthiwatiwa. Mu 1888 ankhondo a Mahdi ochokera ku Sudan analowa mu Gondar n'kutentha matchalitchi ambiri, koma ichi chinapulumuka. Anthu a kumeneko adzakuuzani kuti ankhondowo atafika pachipata, njuchi zambirimbiri zinatuluka n'kuwabalalitsa, ndipo ena amati mngelo Mikaeli anaima pakhomo ndi lupanga lamoto. Akamakusimbirani, mverani mwaulemu. Kwa iwo imeneyi si nthano yocheza nayo.

Malamulo a pakhomo ndi awa. Vulani nsapato. Amayi afunde kumutu, ndipo aliyense abise mapewa ndi mawondo. Amuna ndi akazi ali ndi makomo ndi mbali zawo, ndiye tsatirani kumene akulozerani. Kuseri kwa makatani akutsogolo ndi malo opatulika kumene kumakhala tabot, ndipo kumalowa ansembe ndi madikoni okha. Pojambula zithunzi zimitsani kuwala kwa kamera, chifukwa kumafwifwitsa utoto. Mukapeza mapemphero ali mkati, dikirani panja mpaka atatha. Kwa eni kulibe mkuwe.

Mukalowa, maso anu sadzaona kanthu poyamba chifukwa mkati ndi mwamdima. Musafulumire kuyatsa foni. Imani, dikirani, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pang'onopang'ono makoma amayamba kutuluka mumdima, ndipo mumazindikira kuti palibe malo ngakhale a chikhatho chimodzi opanda chojambula. Kutsogolo, pamwamba pa makomo awiri a malo opatulika, pali Utatu, amuna atatu okalamba ofanana ndendende, ndipo pansi pawo pali Yesu pamtanda. Kumbali kuli Giyorgis woyera pa kavalo woyera akubaya chinjoka, kuli Mariya ndi mwana, kuli moyo wonse wa Yesu, kuli oyera mtima ndi ofera chikhulupiriro. Woperekeza wanu akuonetseni lamulo la akatswiri ojambula a ku Ethiopia: munthu wolungama amajambulidwa nkhope yonse, maso onse awiri akuoneka, pamene woipa amajambulidwa cham'mbali, diso limodzi lokha. Mukadziwa zimenezi mutha kuwerenga khoma lonse nokha.

Tsopano kwezani maso. Denga lonse, pakati pa mitanda yake, ladzaza ndi nkhope za angelo, mizere ndi mizere, aliyense ndi mapiko awiri m'mbali mwa mutu, tsitsi lakuda, ndi maso aakulu akuthwa. Nkhope zake ndi za Aitiopiya. Poyamba amaoneka ofanana, koma mukayang'anitsitsa aliyense ali ndi kaonekedwe kake: uyu akuyang'ana kumanja, uyo kumanzere, wina ngati akufuna kumwetulira, wina ngati wadabwa. Kulikonse kumene mungaime, ena mwa iwo akukuyang'anani. Ndinakhala pa mkeka pansi, khosi litawawa, osafuna kutuluka. Wansembe wokalamba amene anatitsegulira anangokhala pakona ndi ndodo yake yopempherera, osatifulumiza. Potuluka anatambasula mtanda wake wam'manja, ndipo anthu a kumeneko anaugunditsa pamphumi ndi kuupsompsona. Inu simukakamizidwa kutero, kuwerama pang'ono n'kokwanira. Siyani kangachepe m'bokosi la zopereka.

Masana: kwa Mentewab

Alendo ambiri safika ku Kuskuam, ndipo amataya gawo lofunika la nkhani. Ndi paphiri, kunja kwa mzinda, kupitirira dziwe lija. Kwerani bajaj ndipo mupangane kuti akudikireni.

Mentewab anachokera ku Qwara, kumadzulo. Mwamuna wake Bakaffa atamwalira mu 1730, mwana wawo Iyasu Wachiwiri anali wamng'ono, ndipo mayiyu anavekedwa chisoti n'kumalamulira limodzi naye. Mphamvu zenizeni zinali m'manja mwake kwa zaka zambiri. Ndi iye anamanga Kuskuam, nyumba yachifumu ndi tchalitchi cha Mariya, dzina lochokera ku malo a ku Egypt kumene mwambo umati banja loyera linakhalako pothawa Herode. James Bruce, mlendo wa ku Scotland amene ankafunafuna gwero la mtsinje wa Nile, anafika ku Gondar mu 1770 ndipo anacheza ndi mfumukaziyi kuno.

Iyasu Wachiwiri atamwalira mu 1755, ufumu unapita kwa mdzukulu wa Mentewab, kamnyamata kotchedwa Iyoas. Apa panabuka mkangano pakati pa abale a agogo akewo ndi abale a mayi ake a mwanayo, mbali iliyonse ikufuna kugwira mpando. Pofuna wowathandiza anaitana Ras Mikael Sehul, mtsogoleri wamphamvu wa ku Tigray. Iye anabwera ndi asilikali ake, ndipo mu 1769 anapha Iyoas. Kuyambira pamenepo mpaka 1855 mafumu a ku Gondar anangotsala dzina, akuikidwa ndi kuchotsedwa ndi akalonga a m'zigawo. Nyengo imeneyi imatchedwa Zemene Mesafint, nthawi ya akalonga.

Yendani m'mabwinja a holo yake, muone mitanda ndi nyama zosemedwa pa miyala yofiira ya pakhoma. Kenako pemphani kuti akutsegulireni kachipinda kosungiramo zakale. Mmenemo muli mabuku akale a zikopa, ndipo muli bokosi lagalasi lokhala ndi mafupa amene amati ndi a Mentewab, a mwana wake ndi a mdzukulu wake, onse atatu pamodzi. Mukakumbukira nyumba yake yokongola imene munaiona dzulo, n'kuona kabokosi kameneka, mtima umachita zii. Tulukani mukhale panja kanthawi. Kuchokera paphiripa mzinda wonse umaoneka pansi, ndi mpanda wa Fasilides pakati pake.

Madzulo ku Piazza

Tsikani dzuwa lisanalowe mupite ku Piazza, pakati pa mzinda wamakono. Pamphambano paima chifanizo cha Mfumu Tewodros Wachiwiri, amene anathetsa nthawi ya akalonga mu 1855. Anthu a ku Gondar amamunyadira ngati mwana wa dera lawo, ngakhale ndi iye amene anachotsa likulu mumzindawu, kupita nalo ku Debre Tabor kenako ku Magdala, ndipo pa mkangano wake ndi ansembe anautentha ndithu. Nyumba zozungulira bwaloli, monga positi ofesi, ndi za nthawi ya Ataliyana amene analanda mzindawu mu 1936. Gondar ndiye anali malo awo omaliza ku Ethiopia, ndipo anagonja mu Novembala 1941.

Pezani pamene mayi akukazinga khofi pa mbaula, lubani akufuka, udzu wauwisi utamwazidwa pansi. Khalani pa kampando. Khofi wa mwambo amamwedwa maulendo atatu, abol, tona ndi baraka, ndipo kunyamuka musanamwe kachitatu n'kusiya dalitso. Ngati muli ndi tsiku lina, mapiri a Simien akuyambira ku Debark, makilomita pafupifupi 100 kumpoto, ndipo ulendo wake mukonze madzulo omwewa kudzera kwa anthu ovomerezeka.

Kukada, ngati eni malo anu ogona akuti kunja kuli bwino, apempheni akuperekezeni ku nyumba ya azmari. Azmari ndi oimba a mwambo amene Gondar amatchuka nawo kuyambira nthawi ya mafumu. Mwamuna amakhala ndi masinko, choimbira cha chingwe chimodzi chokhwekhweza ndi uta, mkazi akuimba ndi kuvina eskista, gule wogwedeza mapewa. Amapeka mawu pomwepo, akuzungulira m'chipindamo, kutamanda uyu, kuseka uyo, anthu akumwa tej, chakumwa cha uchi, m'timabotolo ta khosi lalitali. Adzafika ndithu pamene mwakhala, adzakufunsani dzina ndi kumene mwachokera, ndipo mudzalimva dzina lanulo likutuluka m'nyimbo ya Chiamhariki, chilankhulo cha kumeneko, chipinda chonse chikuseka. Funsani woyandikana naye akumasulireni zimene aimba. Kenako tulutsani ndalama yapepala imene munakonzeratu, muimate pamphumi pa woimbayo monga achitira eni ake, ndipo mayi wovina uja akakukokani dzanja, imirirani mugwedeze mapewa.